Nyimbo imodzi sachezera gule: Alan Namoko, Chimvu Jazz ndi luso losonkhanitsa nyimbo

Loweruka lina la kumapeto kwa mwezi, tsiku limene ndalama za pa esiteti zimayenda m'misika, ndinaperekeza amalume anga kwa mnyamata wothira nyimbo m'mafoni. Amalumewa anatchola tiyi zaka zambiri, kenako anakhala mlonda pa fakitale mpaka mawondo atawakana. Wailesi yawo yatsopano ili ndi kabowo kolowetsapo fulashi, ndipo anamva kwa anzawo a pa bawo kuti masiku ano nyimbo zonse za Alan Namoko zimakwana m'kanthu kochepa ngati chala.

"Mukufuna za ndani, agogo?" anafunsa mnyamatayo, maso ali pa kompyuta.

"Za a Namoko, mwanawe. Zonse."

"Zilipo. Ndikuthirirani zonse zimene ndili nazo."

Sipanathe mphindi zisanu. Titafika kunyumba amalume anakhala pa khonde, wailesi n'kuikhazika pa mpando wakewake ngati mlendo. Nyimbo zinalimo 19. Ziwiri zinali nyimbo imodzi yomweyo, ina yothamanga pang'ono kuposa inzake. Ina inadukira pakati, banjo ikulira. Zitatu sizinali za Namoko n'komwe. Zinali za gulu lina la banjo limene wina anaponyera momwemo poti zonse n'zakale. Pa kagalasi ka wailesi sipankaoneka mutu wa nyimbo, koma manambala okhaokha.

Amalume anamvetsera mpaka kumapeto osayankhula. Atatseka wailesi anati: "Mphwanga, nyimbo ndi zake ndithu, koma mwini wake mulibemo."

Mawu amenewa sanandichoke m'mutu. Mnyamata uja sindikumuimba mlandu. Anapereka zimene anali nazo, ndipo popanda iye ndi anzake, ana ambiri a lero sakanamumva n'komwe Namoko. Koma amalume anakhudza chinthu chimene timachiiwala: kusonkhanitsa nyimbo za moyo wonse wa woyimba ndi luso palokha, lofuna khutu, chikumbumtima ndi kuleza mtima. Wosonkhanitsa akhoza kutibwezera munthu wathunthu, akhozanso kutipatsa zidutswa zake m'thumba.

Kumayiko a azungu chimbale chosonkhanitsa nyimbo za woyimba n'chakale. Gulu likayimba zaka zingapo, kampani imatola nyimbo zimene zinagulidwa kwambiri n'kuziika pamodzi. Gulu la Eagles la ku America linatulutsa chotere mu 1976, cha nyimbo za pakati pa 1971 ndi 1975, ndipo chili m'gulu la zimbale zogulidwa koposa m'dzikolo. Cha gulu la Queen cha mu 1981 palibe chimbale china chimene chachiposa malonda ku Britain. Anthu mamiliyoni amawadziwa magulu amenewa kudzera m'zimbale zimenezi basi. Nyimbo zinazo sanazimvepo. Mphamvu ya wosonkhanitsa ili pamenepa, ndipo ngozi yake ili pomwepo.

Chitsanzo chimene Amalawi timachidziwa bwino ndi Legend, chimbale cha Bob Marley ndi The Wailers chimene Island Records inatulutsa mu 1984, patapita zaka zitatu mwini wake atamwalira. N'chokoma, palibe angatsutse, ndipo chalira m'maminibasi ndi m'magolosale athu kwa zaka zambiri. Koma mulibe nyimbo ngakhale imodzi ya m'chimbale cha Survival cha mu 1979, mmene muli "Zimbabwe" ndi "Africa Unite". Munthu amene anakayimba pa bwalo la Rufaro mu April 1980, dziko la Zimbabwe likulandira ufulu, mu Legend akumveka kwambiri ngati woyimba za chikondi ndi mtendere. Ukali wake ulimo pang'ono, wosaopsa wogula. Palibe bodza limene linanenedwa. Kusankha kokha kunamufewetsa munthu.

Ife a ku Thyolo gulu lathu lakale loyenera chimbale chotere tili nalo, ngakhale silinkayimba ndi magetsi. Alan Namoko anabadwa m'boma lino mu 1956, anali wosaona, ndipo anamwalira mu 1995 asanakwanitse zaka 40. Ankayimba banjo ndi gitala, m'Chichewa ndi m'Chilomwe, akuthandizidwa ndi gulu lake la Chimvu Jazz. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 mawu ake anafika paliponse pamene wailesi ya MBC inkafika. "Lameki", "Achilekwa", "Ana Osiidwa", "A Namoko Akulira", "Kakhiwa Miyene": mitu imeneyi mukaitchula pagulu la anthu a imvi, wina amayamba kugwedeza phazi musanamalize.

Dziko limene anabadwiramo n'lofunika kulidziwa, chifukwa nyimbo zake zinamera momwemo. Alomwe ambiri anawoloka kuchokera ku Mozambique kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, kuthawa nkhanza za Apwitikizi, n'kupeza kuti malo achonde a kuno ali kale m'manja mwa atsamunda. Anakhala pa malo a eni ake polipira ndi thukuta, ndiye thangata uja, amene Namoko anabadwa asanathetsedwe. Tiyi anafalikira m'mapiri ano kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900; Satemwa inayamba mu 1923, ndipo mayina a Conforzi, Naming'omba ndi Makwasa mwana aliyense wa kuno amakula akuwamva. Midzi inapanikizika m'mphepete mwa minda yobiriwira, pa malo otsetsereka a chinangwa, nandolo ndi nthochi. Munthu wogwira ntchito m'dziko lotere, akalandira malipiro amafuna nyimbo yomuvinitsa koma yosamunamiza. Namoko ankapereka nyimbo yoteroyo.

Dzina lakuti jazi lisatisokoneze. Ku Malawi mawu amenewa satanthauza malipenga a ku New Orleans. Banjo ndi gitala zinabwera ndi asilikali obwerera ku nkhondo yachiwiri ya dziko lonse komanso amuna obwerera ku migodi ya ku Joni ndi ku Southern Rhodesia. Anyamata a m'midzi, posowa ndalama yogulira, anayamba kupanga zawo: chitini cha mafuta kapena chikopa cha mbuzi, mtengo wosema, nsambo za waya wa buleki ya njinga, ng'oma yoponda ndi phazi, titsekerero ta mabotolo totungidwa pa waya. Magulu awo ankawatcha mayina a mitsinje, mapiri ndi madera a kwawo, monga Likhubula River ya Robert Fumulani ku Chileka, Linengwe River, Mulanje Mountain, ndi Chimvu ya kwathu kuno. Dzina la gulu linali chizindikiro cha kumudzi: woyimba ankanena kumene amamwa madzi asanayambe n'komwe kuyimba.

Nanga luso la Namoko lili pati? Womvetsera mothamanga amati nyimbo zake n'zofanana zonse. Zoona, maziko ake ndi aafupi: kayimbidwe ka nsambo kozungulira malo atatu kapena anayi, n'kubwerera poyambira, n'kuzunguliranso. Koma tcherani khutu ku dzanja lamanja. Silikhwacha nsambo chabe, likuomba ng'oma pa nsambozo, ndipo pobwerera paliponse limasuntha kugunda kwake pang'ono, mwina kutsogolo, mwina kumbuyo, moti chozungulira chija sichifika pamalo amodzi kawiri. Mawu ake ndi othina pakhosi, okanda, osadzola mafuta. Salowa pamene mukuwayembekezera. Amachedwa kamphindi kapena kudumphira patsogolo, ngati munthu woyankhula pa mlandu amene akusankha pomenyera mawu. Anzake akamavomera, sakongoletsa nyimbo koma akuchitira umboni. Chinthu chochepa chobwerezedwa ndi munthu wodziwa kusuntha tinthu ting'onoting'ono, ndicho chimagwira thupi la wovina. Aliyense amene anaimapo pa bwalo la gule wa tchopa amadziwa kuti ng'oma sizisinthasintha nyimbo. Chimene chimakula ndi kutentha kwake.

Namoko anatiuza yekha kamvekedwe kamene ankakafuna. Imodzi mwa nyimbo zake mutu wake ndi "Gitala Kulira Ngati Chitsulo". Sanati ngati mbalame, sanati ngati madzi. Wosonkhanitsa aliyense ayambire pa mutu umenewu.

Ndinakulira m'malayini a pa esiteti, ndipo phunziro loyamba limene mayi anga anandipatsa nditawatsatira kumunda linali lakuti wotchola tiyi amatenga masamba awiri ndi kansonga. Zinazo amazisiya. Kuti nsonga zimenezi zizipezeka msanga, tiyi amadulidwa kuti akhale wofika m'chiuno, pamwamba pali see ngati tebulo, ndipo pakapita zaka zingapo amamudulanso kwambiri m'nyengo yozizira. Ambiri odutsa pa msewu wa Limbe kupita ku Mulanje amaganiza kuti tiyi ndi chitsamba chachifupi mwachibadwa. Ayi. Tiyi wosiyidwa amakula n'kukhala mtengo wautali kuposa nyumba, wa maluwa oyera ndi njere. Chimbale cha nyimbo zotchuka zokhazokha ndi dengu la nsonga. N'zofewa, n'zonunkhira, zimagulika. Koma amene waona dengu lokha sadziwa msinkhu wa mtengo. Chimbale chimene Namoko akuyenera ndi choonetsa mtengo, ndipo kuti chitero pali ntchito zinayi.

Yoyamba ndi kusankha. Nyimbo zotchuka zikhalemo, palibe wokana. Chimbale chopanda "Lameki" chingakhale chipongwe kwa omvera. Koma kutchuka m'masiku amenewo kunkadalira wailesi imodzi yokha, ndipo wailesiyo inali ndi malire ake. Mu 1968 Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko, ndipo MBC inkaulutsa mawu m'Chichewa ndi m'Chingelezi basi. Nkhani za m'Chilomwe zinadzamveka pa wailesiyi mu 1996, Namoko atagona kale. Chaka chomwecho cha 1968 panakhazikitsidwanso lamulo lopima mabuku, mafilimu ndi nyimbo. Alomwe ambiri a nthawi imeneyo, atatopa ndi kunyozedwa, anasiya kuphunzitsa ana awo chiyankhulo cha makolo. M'nyengo yotereyi munthu wosaona wa ku Thyolo ankaimirira n'kuyimba m'Chilomwe mosabisa. Wosonkhanitsa amene angatenge za Chichewa zokha poti ndizo ambiri amamva, wadula lilime la woyimba pakati. Nyimbo za Chilomwe zikhalemo mokwanira, ndipo tanthauzo lake lilembedwe m'kabuku ndi anthu odziwa chiyankhulocho, kuti mdzukulu wa ku Ndirande amve chimene agogo ake ankalira nacho.

Posankha tisaiwalenso khalidwe lina la nyimbo zake: kuitana munthu ndi dzina. Lameki ndi munthu, a Chilekwa ndi munthu, ndipo mu "A Namoko Akulira" woyimba akudziitana yekha. Uwu ndi mwambo wa pamtondo, pamene mayi wosinja amatulutsa chakukhosi m'nyimbo, mudzi wonse n'kumva, koma palibe angamugwire pakamwa. M'dziko limene kuyankhula mosaphiphiritsa kunkatengera munthu kundende, nyimbo ya dzina la munthu wamba inkasenza zambiri kuposa zimene inkaoneka kuti yasenza. Chimbale chabwino chiike nyimbo zoterezi zingapo moyandikana, kuti womvera aone kuti si ngozi koma njira ya woyimbayo yoweruzira dziko.

Ntchito yachiwiri ndi kutsatanitsa. Makolo anati nyimbo imodzi sachezera gule, koma sanatanthauze kuti nyimbo zambiri zongowunjika zimachezera. Gule ali ndi poyambira, ali ndi pamene amatentha, ali ndi pamene amatsikira m'bandakucha. Ife okulira pa kaseti tikukumbuka kuti mbali yoyamba inali ndi mathero ake, munthu n'kudzuka kukatembenuza, ndipo kamphindi ka bata kameneko kanali mbali ya nyimbo. Fulashi ilibe kutsogolo kapena kumbuyo; wailesi imangotola iliyonse. Kwa woyimba amene anatisiya, ine ndimakhulupirira kuti ndondomeko yoyenera ndi ya zaka. Tiyambe ndi nyimbo yakale kwambiri imene ingapezeke, timumve mnyamata dzanja likuthamanga kuposa maganizo, titsike naye mpaka mawu atalemera. Kukalamba kwa mawu a munthu ndi nkhani imene nyimbo imodzi singaifotokoze. Imamveka pokhapokha nyimbo zikayalidwa motsatana.

Pali chiyeso chimodzi chimene wosonkhanitsa ayenera kuchikana. "Kakhiwa Miyene" ndi nyimbo ya munthu woganizira za imfa yake, ndipo dzanja limayabwa kuti iikidwe pamapeto, kuti womvera atseke wailesi misozi ili m'maso. Kutero ndi kumuikira woyimba mawu otsanzikira amene sanawakonze choncho. Nyimboyi ikhale pa chaka chake, pakati pa nyimbo zinzake za nthawi imeneyo, zovinitsa ndi zodzudzula zomwe. Pamenepo timva choonadi cholemera kuposa misozi yokonzeratu: kuti munthu ankayimba za imfa yake ali moyo, mawa lake n'kudzuka kukasangalatsa anthu pa msika.

Ntchito yachitatu ndi kusunga kamvekedwe, ndipo apa ndi pamene ambiri a zolinga zabwino amalakwitsa. Nyimbo za nthawi imeneyo zinkajambulidwa pa matepi akuluakulu ozungulira, gulu lonse likuyimbira pamodzi, popanda kukonza chida chimodzichimodzi monga amachitira m'situdiyo za lero. Kuchoka pamenepo nyimbo inkadutsa pa wailesi, wina n'kuijambula pa kaseti, kaseti n'kubereka inzake, mpaka wina anaisandutsa MP3. Poyenda ulendo wonsewu zinthu ziwiri zimaonongeka. Choyamba ndi liwiro: kaseti yozungulira mothamanga pang'ono imakweza mawu a woyimba n'kufupikitsa nyimbo, n'chifukwa chake amalume anapeza nyimbo imodzi ili ndi mawu awiri. Chachiwiri ndi mawu apamwamba, kulira kwa waya kuja. Tepi yakale imachita phokoso la kuti sii, ndipo katswiri wa pa kompyuta amafuna kulichotsa. Tsoka lake, phokosolo limakhala malo amodzi ndi kulira kwa nsambo za banjo. Mukalipala kwambiri, mwapala ndi chitsulo chomwe, n'kutsala ndi gitala yolira ngati ili m'bulangete. Katswiri wabwino amabwerera ku tepi yoyambirira, amakonza liwiro, amachotsa zong'ambika zokha, n'kusiya fumbi pang'ono. Ndi bwino kumva fumbi kusiyana ndi kutaya chitsulo.

Kuli ena amene amaganiza kuti kulemekeza nyimbo zakale ndi kuziwonjezera kiyibodi ndi ng'oma za pa makina. Kayimbidwe ka ku Balaka kamene Paul Banda ndi gulu la Alleluya anakulitsa kali ndi ulemu wake, ndipo woyimba wa lero ali ndi ufulu woyimbanso nyimbo ya Namoko m'njira yake, bola atchule mwini ndi kulipira. Koma zimenezo zikhale pa chimbale china. Ng'oma ya makina sichedwa ndipo sifulumira, pamene moyo wonse wa nyimbo za Chimvu uli m'kuchedwa ndi kufulumira kuja. Kuikhazika pansi pa banjo ya Namoko kuli ngati kumanga mwendo wa wovina ku mtengo.

Ntchito yachinayi ndi kutchula mayina, ndipo imandipweteka kwambiri chifukwa ndi nkhani ya kwathu. Tiyi wambiri wa ku Thyolo ndi ku Mulanje amachoka m'matumba akuluakulu, wina kudzera pa msika wa ku Limbe, kupita ku South Africa ndi ku Britain. Ogula amamukonda chifukwa cha kufiira kwake kowala, ndipo amamusakaniza ndi wa mayiko ena kuti akometse mtundu. Womwa tiyi ku London amaona kufiira kwa Thyolo m'kapu mwake koma dzina la Thyolo saliona, nanji la mayi amene anatchola m'mame a chiperoni. Nyimbo za pa fulashi ya amalume zinayenda ulendo womwewo: kukoma kulipo, dzina palibe. Namoko sankayimba yekha. Panali woomba ng'oma, panali wothandiza pa nsambo, panali ovomera, panali womugwira dzanja pokwera basi yopita ku Blantyre. Chimbale cha moyo wake wonse chinene kuti nyimbo iyi inajambulidwa kuti, chaka chiti, ndani anali pa chida chiti, ndani anali pa makina. Izi si zokongoletsa chikuto. Bungwe la COSOMA, limene linayamba ntchito mu 1992, silingapereke ndalama kwa banja la munthu amene dzina lake silinalembedwe paliponse, ndipo lamulo la umwini wa luso la mu 2016 silingateteze nambala ya pa kagalasi ka wailesi.

Kuti zimenezi n'zotheka, anzathu a ku Zambia aonetsa. Gulu la WITCH, limene linayambira ku Kitwe, linali patsogolo pa nyimbo za magitala a magetsi zotchedwa Zamrock, pamodzi ndi Paul Ngozi wa ku Lusaka amene ankayimbanso m'Chinyanja. Chuma cha mkuwa chitagwa ndiponso matenda atatenga oyimba ambiri, nyimbo zimenezi zinatsala pang'ono kuiwalika. Mu 2012 kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inasonkhanitsa zimbale zisanu za gululi za pakati pa 1972 ndi 1977, kuyambira Introduction kudzera Lazy Bones!! ndi Lukombo Vibes, n'kuzitulutsa pamodzi ndi kabuku ka mbiri ndi zithunzi. Sanatole nsonga zokha. Womvera amamva anyamata akuyamba motsanzira magulu a ku Britain, kenako pang'onopang'ono ng'oma za kwawo zikulowa mpaka nyimbo zitakhala zawozawo. Kukula kumeneku sikukanamveka m'nyimbo khumi zotchuka. Ndipo poti mayina analembedwa, Emmanuel Jagari Chanda, woyimba wa WITCH amene ankakumba miyala ya mtengo wapatali kuti apeze chakudya, anabwerera pa nsanja, ndipo gululi linatulutsa chimbale chatsopano, Zango, mu 2023.

Kwa Namoko chimene tili nacho cholongosoka ndi Ana Osiidwa, chimbale chimene chinatuluka mu 1992 pansi pa Pamtondo, kampani yaing'ono ya Dr John Lwanda, dokotala wa ku Malawi wokhala ku Scotland. Chiyenera kuyamikiridwa mosanyinyirika. Chinatuluka mwini wake ali moyo. Chinasunga mutu wa Chichewa. Chinaika dzina la Chimvu Jazz pambali pa la Namoko. Sichinamuveke woyimba zovala zobwereka; banjo ikumveka ngati banjo, ndipo anthu a kunja amene anachimva anamufanizira ndi oyimba akale a blues a ku America. Koma chimbale chimodzi sichingasenze zaka makumi awiri, ndipo chinayenda kwambiri kutsidya kwa nyanja kuposa ku Bvumbwe, ku Luchenza kapena ku Thekerani. Chinatsegula chitseko, nyumba yonse sitinailowe.

Zipangizo zomalizira ntchitoyi sizili kutali. Nkhokwe ya matepi a MBC ku Chichiri ndi chuma cha dziko, ndipo ntchito yosamutsira nyimbo zakale pa makompyuta inachitika kumeneko mothandizidwa ndi dziko la Norway. Ku Chileka, Moya Malamusi ndi Gerhard Kubik anaonetsa kwa zaka zambiri mmene nyimbo za kumudzi, kuphatikizapo za Daniel ndi Donald Kachamba, zimasungidwira pamodzi ndi mayina, masiku ndi malo. Pa Ndata, m'boma lathu lomwe lino, pali yunivesite ya MUST, imene ili ndi sukulu ya chikhalidwe kumene achinyamata amaphunzira za nyimbo za mu Africa. Pa Chonde, Mulhako wa Alhomwe umasonkhanitsa chaka ndi chaka anthu odziwa Chilomwe chakuya. Tchopa analembedwa ndi UNESCO mu 2014 ngati chuma cha anthu onse. Ngati ng'oma za makolo tazipezera malo, banjo ya chitini imene inayankhulira adzukulu a thangata isatsale panja. Chosowa si nzeru kapena makina. Chosowa ndi munthu woti akhale pansi ndi matepi, abale a woyimba, ndi okalamba amene anavina nyimbozi zili zatsopano.

Okalamba amenewa ndiwo nkhokwe imene ikutha msanga kuposa matepi. Tepi ikasungidwa pouma imadikira, munthu sadikira. Patapita sabata ziwiri chichokereni kwa mnyamata wothira nyimbo uja, ndinabwerera kwa amalume, n'kuwapeza ali ndi kope la sukulu, mdzukulu wawo wa Sitandade 7 atagwira cholembera. Ankamvetsera nyimbo imodziimodzi, n'kutchula mutu wake, kenako n'kunena malo ake. Zaka sankazitchula ndi manambala. Ankati iyi inamveka iwo akadali mbeta, iyi mayi anga atangolowa m'banja, iyi atasamutsidwa kuchoka kumunda kupita ku fakitale. Zitatu zachilendo zija anazichotsa mwaulemu, nati zili ndi eni ake, ziperekedwe kwawo. Pa ziwiri zofanana zija anasankha yodekha, nati mawu a munthuyo anali amenewo.

Nditayang'ana m'kopemo ndinaona kuti pakati pa mitu ina mwana uja wasiya mizere yopanda kanthu, pena umodzi, pena itatu.

"Amalume, nanga apa mwadumphiranji?"

"Sitinadumphe, mphwanga. Pamenepo pali nyimbo. M'kanthu kanuka mulibe, koma ine ndikuzimva."

Anayamba kung'ung'udza imodzi, chala chikugogoda pa bondo, mochedwa pang'ono monga ankachitira mwini wake. Mutu wake unawathawa, koma malo ake sanawaiwale. Ndinawerenga mizere yopanda kanthuyo: inalipo 11. Kopelo ndalisunga, ndipo ndi chimbale cha Namoko cholongosoka koposa chimene ndachigwirapo, chifukwa chimadziwa pamene chaperewera. Amene adzatenge ntchito yosonkhanitsa nyimbo za Chimvu Jazz adzayambire pa mizere imeneyo, ndipo afulumire, eni kukumbuka akadali pa khonde.